Loya wa mapatenti amayambira ku labotale

Mutalowa mu ofesi ya maloya a mapatenti ku London, ku Munich kapena ku Pretoria n'kufunsa aliyense zomwe anaphunzira ku yunivesite, si ambiri angakuyankheni kuti anayamba ndi malamulo. Uyu akuuzani kemisitiri, uyo uinjiniya wa zamagetsi, winayo anatha zaka zinayi akufufuza mapuloteni a kachilombo mpaka kutenga PhD. Ku Britain ndi ku Germany munthu amafika pokhala patent attorney (loya wa mapatenti) wovomerezeka popanda digiri ya malamulo n'komwe. Kwa amene anazolowera kuti loya ndi munthu wa mkanjo wakuda woima pamaso pa woweruza, izi zimamveka zachilendo. Gwero lake lili m'chikalata chimene anthuwa amalemba.

Patenti ndi pangano pakati pa wotulukira luso ndi boma. Wotulukirayo amaulula poyera momwe chinthu chake chimapangidwira, ndipo boma limamupatsa mphamvu yoletsa ena kuchipanga, kuchigulitsa kapena kuchilowetsa m'dziko, kawirikawiri kwa zaka 20 kuchokera tsiku lomwe anapereka pempho. Kuti pempho livomerezedwe, chinthucho chiyenera kukhala chatsopano, chotheka kugwiritsidwa ntchito, komanso chosakhala cha mtundu woti mmisiri aliyense wa ntchitoyo akanachiganizira mosavuta. Mfundo yachitatuyi ndiyo imavuta. Lamulo silifunsa ngati chinthucho n'chodabwitsa kwa woweruza kapena kwa munthu wamba. Limafunsa ngati chikanakhala chodziwikiratu kwa munthu wodziwa bwino ntchitoyo, amene anawerenga zonse zomwe zinalembedwapo kale pa tsikulo. Munthu ameneyu ndi wongoyerekeza, koma mkangano uliwonse wa patenti umazungulira pa iye. Loya amene sangathe kuganiza monga katswiri wa mabatire kapena wa katemera sangathe kunena zomwe katswiriyo akanaona kuti n'zapafupi.

Malire a munda

Chikalata cha patenti chili ndi mafotokozedwe, zithunzi, ndipo kumapeto kwake kuli ziganizo zokhala ndi manambala zomwe amazitcha ma claim. Ma claim ndiwo malire a munda. Mafotokozedwe angakhale masamba 60 okoma bwanji, chomwe mwini patenti angaletse ena ndi chokhacho chomwe chili mkati mwa ziganizo zimenezi. Luso lalikulu la ntchitoyi ndi kudziwa pokhoma zikhomo.

Tiyerekeze kuti munthu wapanga mbaula yosadya makala ambiri chifukwa pakati pa malata ake awiri waikapo dongo losakaniza ndi mankhusu a mpunga. Akalemba yekha, amalemba zomwe wapanga: dongo, mankhusu a mpunga, malata awiri. Mawa wopikisana naye aika utuchi m'malo mwa mankhusu ndipo watuluka m'malire, palibe mlandu. Akalemba motambasula kwambiri, kuti mbaula iliyonse yokhala ndi chinthu chosunga kutentha, wounika ku ofesi ya mapatenti amutulutsira mbaula zadongo zomwe zakhala zikugulitsidwa kwa zaka zambiri, pempho n'kukanidwa. Loya wodziwa ntchito amayamba ndi funso la sayansi: n'chiyani kwenikweni chikuchititsa kuti kutentha kusathawe? Ngati yankho ndi timipata ta mpweya totsala m'dongo zinyalala zija zikapsa, ndiye kuti claim yoyamba iyenera kunena za timipatato, kukula kwake ndi kuchuluka kwake, pamene mankhusu a mpunga atsikire ku claim yachitatu kapena yachinayi ngati chitsanzo chimodzi chabe. Ma claim amasanjidwa choncho, lotambasuka pamwamba, opanikiza pansi pake, kuti lapamwamba likagwa m'khoti pakhale pothawira. Nthawi zambiri wotulukira sadziwa gawo la chinthu chake lomwe lili latsopano. Amanyadira chogwirira chokongola pomwe chuma chili m'dongomo.

Liwu limodzi limatha kugwetsa zonse. Mu 2004 khoti la apilo la Federal Circuit ku America linagamula mlandu wa Chef America ndi Lamb-Weston. Patenti inali ya njira yophikira zakudya za ufa wokanda, ndipo claim inanena kuti ufawo utenthedwe "to" madigiri 400 mpaka 850 pa muyeso wa Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 204 mpaka 454 pa muyeso wa Celsius. Wolembayo ankatanthauza kutentha kwa uvuni, ndipo liwu loyenera linali "at". Monga analembera, ufa weniweniwo ndiwo unayenera kufika pa kutentha kumeneko, kutanthauza kupserera n'kusanduka makala. Aliyense ankaona chomwe chinkafunika kunenedwa, koma khoti linati silingalembe claim mwatsopano m'malo mwa mwini wake, ndipo Chef America, mwini patentiyo, inaluza. Palinso mawu awiri a Chingerezi omwe wophunzira aliyense amawadziwa sabata yoyamba. "Comprising" amatanthauza kuti chinthucho chili ndi zigawo zotchulidwazo ndipo chingakhalenso ndi zina. "Consisting of" amatanthauza zotchulidwazo basi. Wolemba mawu achiwiriwa mosaganiza wapatsa wopikisana naye njira yozembera pongowonjezera kachigawo kamodzi.

Choopsa china n'chakuti pempho likangoperekedwa, simungawonjezeremo mfundo yatsopano. Ku European Patent Office lamulo limeneli, lomwe lili mu Article 123(2) ya pangano la mapatenti la ku Ulaya, amalitsata mouma mtima kwambiri. Ngati zaka zinayi zapita ndipo wounika wapeza chikalata chakale chofanana ndi chanu, mungadzipulumutse pokhapokha ngati kusiyana kwake munakulemba kale tsiku loyamba lija. N'chifukwa chake wolemba patenti amafunsa wotulukira mafunso otopetsa: bwanji atasintha chitsulo ichi, bwanji kutentha kutatsika ndi madigiri 20, ndi mlingo uti umene chinthucho chimasiya kugwira ntchito? Munthu wosadziwa sayansiyo sadziwa n'komwe mafunso oti afunse.

Zipata zake zimasiyana dziko ndi dziko

Ku America, woimira anthu ku ofesi ya mapatenti ya USPTO ayenera kukhoza mayeso olembetsera omwe ambiri amangowatcha patent bar. Asanaloledwe kulemba, ayenera kusonyeza maphunziro a sayansi kapena uinjiniya, ndipo njira zodziwika ndi zitatu. Category A ndi ya omwe ali ndi digiri yomwe ili pa mndandanda wa ofesiyo, monga kemisitiri, fizikisi, bayoloje ndi nthambi zambiri za uinjiniya. Category B ndi ya omwe digiri yawo ndi ina koma anatenga maphunziro okwanira a sayansi, mwachitsanzo ma credit 24 a fizikisi kapena 30 a kemisitiri. Category C ndi ya omwe anakhoza mayeso a boma a Fundamentals of Engineering. Digiri ya masamu payokha siili pa mndandanda woyamba uja, ndipo ambiri amadabwa nazo. Mayesowo ali ndi mafunso 100 osankha yankho, amatenga maola asanu ndi limodzi, mafunso 90 okha ndiwo amawerengedwa, ndipo munthu ayenera kukhoza 63. Safunsa sayansi ngakhale pang'ono. Amafunsa ndondomeko za m'buku lalikulu la ofesiyo lotchedwa MPEP.

Wokhoza mayesowa popanda digiri ya malamulo amakhala patent agent. Amalemba mapempho ndi kukangana ndi ounika chimodzimodzi, koma sangaime m'khoti kapena kulangiza za mapangano wamba. Akachita zaka zitatu za sukulu ya malamulo n'kuvomerezedwa ndi bungwe la maloya la chigawo china, amasanduka patent attorney. Ambiri amayamba ngati agent kapena mlangizi wa zasayansi m'kampani ya maloya, n'kumaphunzira malamulo madzulo. Ndi njira yomwe anadutsa Chester Carlson, yemwe anaphunzira fizikisi ku Caltech, n'kugwira ntchito ya mapatenti ku New York uku akuphunzira malamulo usiku. Kutopa ndi kukopera zikalata n'komwe kunamukankhira kutulukira njira ya fotokope mu 1938.

Ku Britain zinthu zimayenda mwina. Munthu amamaliza digiri ya sayansi, n'kulembedwa ntchito ngati wophunzira pansi pa attorney wovomerezeka, ndipo malamulo amawaphunzira ali pantchito. Gawo loyamba la mayeso ena amalidutsa pochita kosi ku yunivesite ngati Queen Mary ya ku London. Gawo lomaliza lili ndi mapepala anayi: FD1 la malamulo ndi ulangizi, FD2 lolemba patenti, FD3 lokonza ma claim poyankha wounika, ndi FD4 lounika ngati patenti yaphwanyidwa komanso ngati ili yolimba. FD4 ndi lomwe limadziwika kuti limagwetsa anthu, ndipo kulibwereza si chinthu chachilendo ngakhale kwa omwe sanalepherepo mayeso moyo wawo wonse. Ulendo wonse umatenga zaka zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi. Bungwe lawo ndi CIPA, lomwe linayamba mu 1882, ndipo wowayang'anira ndi IPReg.

Ambiri mwa iwo amalembanso mayeso a ku Ulaya otchedwa EQE kuti athe kuimira anthu ku European Patent Office, yomwe likulu lake lili ku Munich. Britain idakali m'pangano la ofesiyi ngakhale inatuluka mu European Union, chifukwa ndi mabungwe awiri osiyana. Kwa zaka zambiri EQE inali ndi mapepala A, B, C ndi D: kulemba, kuyankha wounika, kutsutsa patenti ya wina, ndi malamulo. Kuyambira 2025 ndondomekoyi ikusinthidwa kuti mayeso azilembedwa pang'onopang'ono m'kati mwa zaka zophunzira, koma maluso oyesedwa ndi omwewo. Ku Germany amawonjezera chaka chimodzi cha ntchito yeniyeni ya umisiri munthu asanayambe, kenako miyezi 26 pansi pa Patentanwalt, yemwe ndi loya wa mapatenti wa kumeneko, miyezi iwiri ku ofesi ya mapatenti ya dzikolo ndi isanu ndi umodzi ku khoti la mapatenti ku Munich.

South Africa ndiyo imafuna zonse pamodzi. Patent attorney kumeneko ayenera kukhala ndi maphunziro a sayansi kapena uinjiniya, digiri ya malamulo, kuvomerezedwa ngati attorney, ndiponso kukhoza mayeso a Patent Examination Board pansi pa lamulo la Patents Act la 1978. Udindo wake ndi wolemera mwapadera chifukwa ofesi ya mapatenti ya dzikolo, CIPC, yakhala ikulembetsa mapatenti poona ngati mapepala ali m'malo, osaunika ngati chinthucho chilidi chatsopano. Kulimba kwa patenti kumadzaoneka mlandu ukabuka. Munthu akhoza kupereka yekha pempho loyambirira, koma chikalata chathunthu chiyenera kusainidwa ndi patent attorney. Kusaunika kumeneku n'komwe kunachititsa kuti mu 2021 South Africa ipereke patenti yotchula pulogalamu ya kompyuta ya DABUS ngati wotulukira, pomwe khoti lalikulu la Britain mu December 2023 linagamula kuti wotulukira ayenera kukhala munthu.

Digiri yomwe uli nayo imakusankhira makasitomala

Makampani a maloyawa amagawa anthu awo m'magulu, kawirikawiri atatu: zamakina, zamagetsi ndi makompyuta, ndiponso kemisitiri ndi sayansi ya zamoyo. Kudumpha kuchoka gulu lina kupita lina n'kovuta. Injiniya wa zamagetsi amatha kulemba patenti ya pampu kapena ya loko, popeza makina amaoneka ndi maso ndipo chithunzi chimathandiza. Koma palibe kampani ya mankhwala ingapatse injiniya wa zamakina pempho la ma antibody, mapuloteni a chitetezo cha m'thupi.

Pa zamagetsi, matelefoni ndi mapulogalamu, digiri yoyamba kapena ya masters imakwanira, ndipo anthu ake amasowa chifukwa makampani a zaumisiri amawalipira bwino kale. Pa sayansi ya zamoyo ndi kupanga mankhwala, PhD yasanduka ngati chiphaso cholowera, makamaka ku America, ngakhale lamulo silikutero. Chifukwa chake chilipo. M'makina, ukaona chithunzi umadziwa ngati chinthu chigwira ntchito. M'kemisitiri, kusintha atomu imodzi kungasandutse mankhwala kukhala chiphe, choncho patenti imadalira zotsatira za kafukufuku, ndipo loya ayenera kudziwa ngati zoyesa zisanu zikukwanira kuikira kumbuyo claim yophimba mamolekyulu zikwi. Mu 2023 khoti lalikulu la America, pa mlandu wa Amgen ndi Sanofi, linagwetsa ma claim ophimba gulu lonse la ma antibody chifukwa Amgen, mwini patentiyo, inafotokoza ochepa okha n'kusiyira ena ntchito yofufuza otsalawo. Anthu a mapulogalamu nawo ali ndi mtanda wawo: chigamulo cha khoti lomwelo pa mlandu wa Alice ndi CLS Bank mu 2014 chinati ganizo wamba silisanduka patenti chifukwa chongoti lichitike pa kompyuta, ndipo kuyambira pamenepo kulemba pempho la pulogalamu kumafuna kusonyeza vuto lenileni la umisiri lomwe lathetsedwa.

Pali chinthu chimodzi chomwe ochokera ku labotale ambiri sachiyembekezera. PhD imaphunzitsa munthu kuzama pa kadontho kamodzi kwa zaka, pomwe ntchitoyi imafuna kumvetsa luso lachilendo m'masiku awiri, kulilemba, n'kupita ku lina. Ndipo tsiku lonse limathera pa kuwerenga ndi kulemba. Wasayansi wodana ndi galamala asayese n'komwe. Pofunsa ntchito, makampani ena amapatsa munthu chinthu wamba ngati chotsegulira botolo n'kumuuza kuti afotokoze momwe chimagwirira ntchito m'mawu okha, osaloza ndi chala. Ambiri a magiredi apamwamba amagwera pomwepo.

Masiku osakhululuka

Gawo lina la ntchitoyi ndi kalendala. Mukapereka pempho loyamba, pangano la Paris la 1883 limakupatsani miyezi 12 yoti mupereke m'mayiko ena mukusunga tsiku loyamba lija. Mukadzera njira ya PCT, ya pempho limodzi lolozera mayiko ambiri, yomwe imayendetsedwa ndi WIPO, bungwe la padziko lonse loona za mapatenti ndi umwini wa nzeru ku Geneva, mumapeza nthawi mpaka miyezi 30, kwina 31, musanasankhe mayiko ndi kulipira omasulira ndi maloya a kumeneko. Pa miyezi 18 pempho limasindikizidwa poyera. Ku America wounika akakana, mumapatsidwa miyezi itatu yoyankha, yomwe mungaitalikitse polipira mpaka isanu ndi umodzi, osapitirira. Patenti ikatuluka, pali ndalama zoisungira pa zaka zitatu ndi theka, zisanu ndi ziwiri ndi theka, ndi 11 ndi theka. Ku Ulaya aliyense ali ndi miyezi isanu ndi inayi yotsutsa patenti yongoperekedwa kumene. Kuphonya limodzi mwa masiku amenewa kungataye ufulu wa ndalama zankhaninkhani, n'chifukwa chake maofesiwa amakhala ndi akalaliki apadera ndi makompyuta ongoyang'anira masiku, ndipo tsiku lililonse lofunika limaonedwa ndi anthu awiri.

Cholakwa chofala kwambiri chimachitika loya asanafikiridwe n'komwe. Wofufuza amakalankhula pa msonkhano, kapena wophunzira amaika lipoti lake mu laibulale ya yunivesite, kapena mwini luso amaonetsa chinthu chake pa Facebook, kenako n'kubwera kudzafuna patenti. Ku Ulaya chinthucho chasiya kukhala chatsopano, ngakhale woulula ndi mwini wake. America imakhululuka kwa chaka chimodzi, koma msika wa mayiko ena watayika kale.

Si onse ogwira ntchito ya umwini wa nzeru amafunika sayansi. Zizindikiro za malonda, copyright ya nyimbo ndi mabuku, ndi mapangano obwereketsa luso ndi ntchito za maloya wamba, ndipo ku Britain a zizindikiro ali ndi bungwe lawolawo la CITMA. Ngakhale woimira mlandu wa patenti m'khoti la America sakakamizidwa kukhala ndi digiri ya sayansi. Amagwira ntchito ndi akatswiri ochitira umboni, ndipo nthawi zina kusadziwa kwake kumamuthandiza kufotokozera anthu wamba a jury m'mawu omveka. Ena amasankha kukhala ounika ku ofesi ya boma, ntchito yomwe Albert Einstein anagwira ku Bern kuyambira 1902 mpaka 1909, ndipo wounika akachoka kupita ku kampani amapita akudziwa momwe mnzake wa tsidya linalo amaganizira. Enanso amalowa m'makampani opanga zinthu, kumene funso lalikulu limakhala loti ndi luso liti loyenera kuwonongerapo ndalama, kapena m'maofesi a mayunivesite ogulitsa zotuluka m'kafukufuku, omwe ku America anachuluka lamulo la Bayh-Dole la 1980 litadutsa.

Kuno kwathu

Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe onse ali m'bungwe la ARIPO, lolembetsa mapatenti a mayiko angapo a mu Africa, lomwe linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Lusaka la 1976 ndipo likulu lake lili ku Harare. Pansi pa Harare Protocol ya 1982, pempho limodzi likhoza kutchula mayiko angapo. Ounika a ARIPO amaliunika, ndipo akaganiza zolivomereza dziko lililonse lotchulidwa limakhala ndi nthawi yoikika yonena ngati patentiyo sigwira ntchito kwawo. South Africa siili m'bungweli. Ku Zambia zolembetsa zimachitikira ku PACRA, pomwe ku Malawi ntchitoyi inali kwa nthawi yaitali m'manja mwa ofesi ya Registrar General ku Blantyre.

Mapempho ambiri a patenti m'chigawo chino amachokera kunja, ma claim ake atalembedwa kale ku Ulaya, ku America kapena ku Asia. Loya wa kuno amapereka mapepala, kusunga masiku ndi kulipira ndalama za chaka ndi chaka, ndipo chakudya chake chenicheni chimachokera ku zizindikiro za malonda. Zotsatira zake n'zakuti injiniya wa ku Lilongwe kapena ku Chipata wofuna munthu woti amulembere ma claim kuchokera pachiyambi amavutika kumupeza pafupi. Kusowa kumeneku n'kodetsa nkhawa kuposa momwe kumaonekera, chifukwa luso lolemba patenti ndi lomwelo lofunika poiwerenga. Pamene makampani 39 a mankhwala anasumira boma la South Africa mu 1998 pa lamulo lofuna kutsitsa mitengo, mlandu womwe anausiya mu 2001, dziko lonse linaona kuti mapatenti amakhudza amene apeze ma ARV ndi amene asawapeze. Mayiko osaukitsitsa analoledwa ndi WTO, bungwe la malonda la padziko lonse, kusateteza mapatenti a mankhwala mpaka 1 January 2033. Koma kuti boma ligwiritse ntchito mwayi wotere, kapena lidziwe ngati mankhwala otsika mtengo ochokera ku India akugwera m'malire a patenti ina yake, pafunika munthu wotha kuyang'ana chithunzi cha molekyulu ndi chiganizo cha claim n'kunena ngati zikugwirizana.

Kwa wophunzira sayansi amene nkhaniyi yamukoka, dongosolo la masitepe ndilofunika. Sayansi iyambe, malamulo atsatire, pakuti wasayansi amaphunzira malamulo madzulo koma loya sangaphunzire kemisitiri ya zaka zinayi mwanjira imeneyo. Africa University ku Mutare ili ndi digiri ya masters ya umwini wa nzeru yomwe imayendetsedwa mogwirizana ndi WIPO ndi ARIPO kuyambira 2008, ndipo WIPO Academy ili ndi makosi a pa intaneti, ena aulere. Zimenezi zimapereka maziko, koma kulemba ma claim kumaphunziridwa pansi pa munthu amene amakubwezera pepala lako litadzaza inki yofiira, mwezi ndi mwezi, kwa zaka. Amene ali kunja afufuzenso msanga za unzika: USPTO salembetsa mokwanira mlendo wongokhala pa visa ya ntchito, amangomupatsa chilolezo chokhala ndi malire, ndipo mndandanda wa oimira anthu ku European Patent Office umafuna unzika wa limodzi mwa mayiko a m'panganolo pokhapokha munthu atapempha ndi kupatsidwa chilolezo chapadera. Poyambira posafuna chilolezo cha wina aliyense ndi Espacenet kapena Google Patents, malo a pa intaneti owerengerapo mapatenti: sankhani patenti ya chinthu chomwe mumachidziwa bwino, werengani claim yoyamba yokha, ndipo yesani kupeza njira yopangira chinthucho osaponda m'malire ake.